Khonde la a Besa

Tepi yoyezera inapulumukanso m'manja mwa Helen, mchimwene wake Matthew n'kuitola mokwiya.

"Pima chabe, iwe. Bomanga babwela pa Mande."

Sabata inali isanathe chiikireni bambo awo, a Besa, telala wa ku Kamwala. Anawasiyira sitolo yakale ya malata adzimbiri, yokhala ndi khonde lalitali ngati masitolo onse a mumsewuwo. Helen, yemwe ntchito yake inali yojambula mapulani a nyumba, anali atajambula kale yatsopano: pansi masitolo, pakati maofesi, pamwamba nyumba zogona. Mkangano unali pakhonde. Matthew ankafuna khoma lagalasi lifike mpaka kumsewu, sitolo ikule.

"Msewu onse uli na makonde, ba Matthew. Tikatseka khonde, nyumba yatu izaoneka monga mlendo. Ba tata…"

"Ba tata bafa, Helen. Ine nili na bana."

Mawuwo anamulasa Helen mumtima. Matthew sanali wouma mtima ayi. Ana ake ankapanikizana m'kachipinda kamodzi ku Kabwata, ndipo fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Mvula inayamba osapereka moni. Amayi ogulitsa mtedza ndi tomato anathamangira pakhondepo, aliyense n'kukhazika dengu lake m'mbali mwa khoma osapempha, ngati pakhomo pawo. Mmodzi anangoti, "Pepani, bana banga," n'kuyang'ana kumbali.

Helen anagwada kumapeto kwa khonde kuti agwire tepi. Zala zake zinakhudza timaenje tinayi pasimenti, pomwe miyendo ya makina osokera inadya pansi zaka zonsezo. Tinali kunja kwenikweni, pamene madzi a padenga amathovukira. Bambo ake ankati amakhala pamenepo kuti aziona bwino singano, iye n'kumakhulupirira. Tsopano mawondo a Helen anali atanyowa, pomwe kukhoma, kumene bambo ake ankasiyira amayi aja, kunali gwa, kouma.

"Ba Matthew, bwelani muone."

Matthew anayang'ana timaenjeto, kenako amayi aja.

Mayi wina wokalamba anafika mochedwa, dengu lili pamutu, malo atatha. Matthew anachoka pakhoma pamene anaima, mayiyo n'kukhalapo. Iye anakaima pakati pa timaenje tija, mvula ikumunyowetsa nsapato ndi thalauza lakuda la pamaliro, n'kuyamba kukulunga tepi pang'onopang'ono.