Bambo a Joy Anafika ku Peru

Chikwamacho chinali ndi zingwe khumi ndi zinayi, ndipo panalibe chingwe ngakhale chimodzi chimene Vivian ankadziwa ntchito yake. Atatsika basi pafupi ndi mtsinje wa Liffey mu Dublin anayesa kuchibereka, chinamukokera chagada. Anangochinyamula n'kuchisenza pamutu.

"Mayi a Joy, tulani," anatero mwamuna wake Enos, maso ali uku ndi uku. "Munaonapo bakipaka atasenza katundu?"

"Nanga ine ndine bakipaka?"

"Kuyambira lero."

Zinafika apa chifukwa landilodi wawo wa ku Citywest anagulitsa nyumba. Atasakasaka miyezi iwiri, kuima pamzere ndi anthu fote kulimbirana kachipinda kamodzi, anapeza kafulati ku Santry, mu Dublin momwemo, koma makiyi anali oti atuluka pakatha masabata atatu. Mayi Scholastica a kutchalitchi anati kwawo ku Lucan malo alipo a mwana yekha. Joy, wa zaka zitatu, azigona ndi ana awo, akuluakulu adzionere okha. Ndiye Enos anapeza hositelo yotchipa ya mabakipaka, achinyamata ozungulira dziko ndi zikwama kumsana. Lamulo linali pakhomo penipeni: anthu okhala mu Dublin saloledwa, ndipo mlendo asapitirire masiku fotini pokhapokha bwana atavomera. Zikwama anakagula pa kaunjika.

"Chinanso," anatero Enos asanakankhe chitseko, "muno mulibe za bambo a Joy. Anthu awa amatchulana maina. Muzingoti Enos. Kapena babe."

Vivian anayesa chamumtima. Zaka zisanu za ukwati anali asanatchulepo dzinalo mwini wake akumva. Babe ndiye anangotsakamira pakhosi.

Masiku awiri anayenda bwino, ankangotsokomola akafuna kumuitana. Tsiku lachitatu m'khitchini, anthu ali thothotho, fungo linamufika m'mphuno.

"Bambo a Joy, mpunga ukupserera."

Lois, mtsikana wa ku Canada amene anali atayenda zaka ziwiri ndi chibwenzi chake osabwerera kwawo, anatembenuka. "Mwamuitana kuti chani?"

Vivian anayang'ana chitseko. Enos ndiye sanaphethire n'komwe.

"Ndi dzina lachikondi kwathu," anatero m'Chingerezi. "Father of joy. Chifukwa ndimamusangalatsa."

Lois anagwira pamtima. Pofika Lachisanu hositelo yonse inkamuitana Enos kuti Bambo a Joy, ndipo Lois anali atayamba kuitana chibwenzi chake chimodzimodzi, mnyamata wa ndevu wosadziwa n'komwe kugwira thewera.

Ubakipaka unamukoma Enos. Poyamba ankati adutsa ku Ethiopia, zomwe zinali zoona ndithu, anakhala maola sikisi pa bwalo la ndege. Kenako panabwera Morocco. Sabata isanathe anali atafika ku Peru, atakwera phiri, atadwala ndi kuchira konko. Vivian akamva ankangopukuta mbale youma kale.

Iye ankadzuka m'mamawa, yunifolomu ya kunyumba yosamalira okalamba itapindidwa pansi pa chikwama, n'kukavalira kuntchito. Ankabwerako atatopa, akununkhira mankhwala otsukira.

"Lero munali kuti?" ankafunsa Lois.

"Amakonda kukaona zakale," ankayankha Enos.

Vivian ankaimbira Joy foni ali pa siteji ya basi, kuopa kuti m'hositelo kamwanako kangamveke kakufunsa, ndi Chingerezi chake cha mu Dublin, kuti Mammy mubwera liti. Sabata yachiwiri mwanayo anayamba chifuwa. Mayi Scholastica anati n'chimfine wamba, ana onse ali nacho, koma Vivian ankamvetsera chifuwacho pa foni ngati dokotala, n'kuwapempha kuti amutsokomoletsenso.

Tsiku la fotini anawaitana Harry, bwana wa hositelo, munthu wamtali wa maso atulo. Anali ndi fomu. Akakana, ndiye kuti masiku seveni opanda pogona, ndipo hotela inali yoti idya ndalama zonse zolowera ku Santry.

"Musiyire ine," ananong'ona Enos.

"Dziko lomaliza musanafike kuno?" anafunsa Harry.

"Peru."

Harry analemba. "Mwayenda nthawi yaitali bwanji?"

"Chaka ndi miyezi eyiti."

"Muli ndi ana, kapena wina amene akudalira inu?"

Vivian anaona pakamwa pa Enos pakukonzeka kunena ayi. Peru akanatha kumupirira. Morocco yemwe, ndi phiri lomwe. Koma kunena ndi pakamwa kuti mwana kulibe, mwana ali ku Lucan akutsokomola, mawu otero sumadziwa amene akuwamva.

"Alipo," anatero.

Enos anamuponda phazi.

"Musandiponde, bambo a Joy. Alipo. Dzina lake Joy, zaka zitatu, ali ku Lucan. Awa ndi bambo ake enieni, si za chikondi ayi. Ine ndimasambitsa okalamba. Nyumba anatigulitsira, makiyi a ina atuluka Lolemba la sabata yamawa." Anapuma pang'ono. Poti zinali zitayamba kale, anamaliza. "Ku Peru sanapiteko. Ngakhale ku Cork, m'dziko lomwe lino."

Harry anaika cholembera pansi. Anayang'ana Enos, amene anali atayamba kuwerenga chikalata cha zozimitsira moto chapakhoma ngati muli nkhani.

"Ine ndili ndi zaka sate folo," anatero Harry. "Ndimagona kwa amayi anga, m'kachipinda kosungira tebulo lositira. Ndikafuna kutambasula miyendo ndimatsegula chitseko." Anatolanso cholembera. "Funso la ana ndidumpha. Apa akufuna kumene mukupita mukachoka pano."

"Ku Santry," anatero Vivian.

"Santry." Analemba pang'onopang'ono. "Ulendo ndi ulendo. Masiku seveni, osapitirira."

Vivian anafuna kugwada, anakumbukira kumene ali, anangogwira m'mphepete mwa tebulo n'kuthokoza katatu.

"Koma pali vuto limodzi," anapitiriza Harry. "Lois anandipempha, ndamata kale pabolodi. Lachinayi madzulo Bambo a Joy akamba za Peru. Alembetsa anthu twente thuu, awiri ndi a ku Peru komweko, afika dzulo. Ndikachotsa chikalatacho andifunsa chifukwa."

Enos anachotsa maso pakhoma. "Awiri?"

"Mwamuna ndi mkazi wake. Akondwa kwambiri."

Anatuluka mu ofesi. Pa masitepe Enos anaima, anasisita foni yake, anaigwedeza, koma inali itazima.

"Mayi a Joy, tandibwerekani yanu. Ndione kuti dzikoli lili mbali iti."

"Dikirani," anatero Vivian, akukhala pansi. "Ndimve kaye chifuwa cha mwana."