Khosi la Tisungane

Nkhani iyi anandiuza ndi Lazarus, mkulu wina wokonza njinga pa Sharpevale, tsiku limene tcheni cha njinga yanga chinaduka ndikuchokera ku Kasinje. Ine kukhala malo amodzi kumandiyabwa, ndiye ndamva zambiri m'misewumu. Iye ankayankhula manja ali pa sipoko, osandiyang'ana n'komwe. Ndiinena monga anainenera, kungochotsapo motukwana.

Ku Bwanje kunali mayi wina dzina lake Lufina, mlimi wa mpunga mu sikimu ya mthirira. Mwamuna wake, Dyton, anali ku Joni chaka chachinayi, kutsatira njira imene agogo ake anayenda popita ku migodi. Mwana wamoyo anali naye mmodzi yekha, Tisungane, mtsikana wa zaka khumi ndi chimodzi, wamtali ngati bango.

Chaka china Dyton anatumiza foni ya galasi lalikulu. Anati, "Ndizimuona mwana wanga akukula, asadzandifunse kuti ndinu ndani." Ankaimba Lamulungu lokha akaweruka. Masiku ena asanu ndi limodziwo foniyo inali ya Tisungane, ndi makatuni ake, magemu ake, ndi mavidiyo a atsikana ovina.

Mpunga utayamba kucha, mpheta zinafika zambirimbiri. Ntchito yoingitsa mbalame ndi ya ana, ndiye Tisungane ankati akaweruka kusukulu n'kulunjika kumunda, Loweruka ndi patchuthi tsiku lonse. Dzuwa la ku Bwanje mukulidziwa, galasi la foni silioneka pamtetete. Mwanayo anapeza nzeru. Ankakhala pamtumbira, foni pakati pa mawondo, mutu n'kuuzyolikira pomwepo, chitenje n'kudzifunda. Chingwe cha zitini zoopsezera mbalame anachimanga ku chala chachikulu cha kuphazi. Ankangoti phazi gwede, zitini n'kulira, mpheta n'kuuluka, iye maso osachoka pagalasi. Odutsa ankaona kamulu ka nsalu kali duu, ngati chulu.

Chaka chimodzi chinatha, china n'kuyamba. Tisungane anayamba kuyenda chozyolika ngakhale m'manja mulibe kanthu. Ndipo apa m'pamene zinalakwikira, chifukwa anthu anakondwa nazo.

"Make Tisu, mwana mwalera," ankatero amayi a kutchalitchi. "Akakumana nawe maso pansi, moni wake wapansipansi. Osati enawa, okuyang'ana m'maso ngati mbuzi yaona mchere."

Mawu amenewo ankamutsekemera Lufina. Mlamu wake Eliness, mlongo wake wa Dyton, anali atalengeza kale pachitsime kuti mwana woleredwa popanda bambo pakhomo amakula wopanda mwambo. Tsopano mpingo wonse unkamutsutsa Eliness. Lufina akamva mwana akudandaula mutu, ankangoti ndi dzuwa, imwa madzi.

Anadzidzimuka tsiku lina akumuluka tsitsi. Pansi pa nkhongo, pamene khosi limakumana ndi msana, panali patatukuka, polimba ngati mfundo ya chingwe.

"Tadzutsa mutu."

Mwanayo anadzutsa mapewa, mutu n'kutsalira kutsogolo.

"Ndati mutu, iwe."

"Ndadzutsatu, amayi. Kukupweteka. Zala izinso zimachita dzanzi."

M'mawa mwake anapita naye kuchipatala chaching'ono. Dokotala wake, mayi wachitsikana wosachedwa kuyankhula, anamuimika Tisungane chotsamira khoma. Zidendene zinagunda khoma, matako anagunda, mapewa anagunda. Mutu ayi. Dokotalayo analowetsa dzanja lake lonse pakati pa nkhongo ndi khoma, n'kumuitana Lufina kuti aone.

"Mayi, mutu wa munthu umalemera ngati dzungu lalikulu. Likakhala pamwamba pa mtengo wowongoka, palibe vuto. Tsono uyu dzungu lake lalendewera kutsogolo, ndipo khosi likulikoka tsiku lonse. Akadali mwana, zikhoza kubwerera. Foni ichepe, ndipo akamaonera aziikweza pamaso, osati iye kuitsatira pansi. Azisewera fulaye ndi anzake, azithamanga. Koma chachikulu ndi ichi: asasenze kanthu pamutu. Ngakhale kandowa ka madzi. Mwamva?"

"Ndamva, adokotala."

Atafika kunyumba, foni ija Lufina anaibisa m'chikwama cha zovala. Sipanathe sabata. Lamulungu Dyton ataimba, mwana anangoyamba kulira, ndipo Eliness anali atafikitsa kale uthenga ku Joni.

"Ndamva mwamulanda mwana foni," anatero Dyton. "Mukufuna muziimbira ndani?"

"Bambo a Tisu, si choncho. Adokotala anena kuti khosi..."

"Khosi? Ine ndinkasenza matumba ndili ndi zaka zisanu ndi zitatu, khosi langa ndi ili. Foniyo ndi maso anga. Mukamulanda, mwanditseka maso ineyo."

Lufina anaibweza. Anangomupempha mwanayo kuti aziikweza m'mwamba, ndipo ankakwezadi mayi ake akamamuona. Koma lamulo lina lija, loti mwana asasenze, Lufina analigwira zolimba. Madzi ankatunga yekha, nkhuni yekha, kuchigayo yekha, mwana akuyenda pambuyo pake manja lendelende. Anthu anaziona. Amene ankayamikira aja anayamba kutsinana.

Linafika tsiku lotuta. Mpunga anali atamweta, atapuntha, atathira m'matumba. Ngolo sinkatha kulowa m'minda, inaima kumsewu kutsidya kwa ngalande yaikulu, ndipo pangalandepo panali thabwa limodzi lowolokera. Achibale ndi anansi anabwera kudzathandiza monga amachitira. Mwini ngolo ankakuwa kuti ng'ombe zake zapsa ndi dzuwa, ali ndi minda ina itatu yomudikira. Aliyense anasenza. Ngakhale Loyce, mwana wa Eliness wa zaka zisanu ndi zinayi, ankadutsa ndi kathumba kake pamutu, khosi lili nji, akuimba.

Tisungane anaima pambali pa mulu, chibwano pachifuwa.

"Alamu," anatero Eliness mokweza kuti onse amve, "adona awa mwawalembera ntchito ya ukapitawo? Ana athu athyoke misana ndi mpunga wanu, wanu akuwerenga nyerere?"

Amayi onse anaseka.

"Akudwala khosi," anatero Lufina.

"Khosi lake lodwalira thumba, foni ayi? Mkazi wosasenza munamuona kuti? Adzakatunga madzi ndi foni ku banja? Tiuzeni tibwerere, alamu, nafenso tili ndi makosi."

Mayi wina anatula thumba lake pansi, n'kukhalira. Wina anachitanso chimodzimodzi. Lufina anayang'ana matumba otsala, anayang'ana amayiwo, nkhope yake ikutentha. Mumtima anati, theka lokha, ulendo umodzi wokha, kuti pakamwa pa anthu patsekeke. Anapungula thumba mpaka linatsala lofanana ndi la Loyce. Anavula chitenje chake chapamwamba, n'kuchipinda nkhata ndi manja ake.

"Amayi, adokotala aja anati..."

"Khala chete. Kamodzi kokha."

Nkhata inakana kukhala paliwombo. Inkatsetserekera kumphumi, chifukwa pamene pamayenera kukhala pamwamba panali patapendekera kutsogolo. Lufina anaikankha, anaibweza, kenako anamutwika mwanayo thumba. Anaona khosi likunjenjemera ngati phesi la chimanga pamphepo. Anaona ndithu, Lazarus anabwereza kawiri pamenepa.

"Weramuka. Yang'ana kutsogolo. Ndipo usagwetse mpunga m'madzi, wamva?"

Tisungane anayenda bwinobwino mpaka pangalande, mayi ake ali pambuyo ndi thumba lathunthu. Munthu wosenza amawoloka thabwa ndi mapazi, maso ali kutsidya. Koma mwana uyu zaka ziwiri maso ake ankadziwa njira imodzi yokha. Atangoponda thabwa, chibwano chinatsika kuti aone popondapo. Thumba linatsetsereka kutsogolo. Mwana wina aliyense akanalisiya ligwe. Iye analigwira ndi manja onse awiri, poopa madzi aja anauzidwa, ndipo linamukoka mutu n'kupita naye pansi. Anagwera pa simenti ya m'mphepete mwa ngalande, thumba lili pamutu.

Lufina anamva kaphokoso kakang'ono, ngati munthu wathyola phesi la chinangwa.

Sanalire mwanayo. Anali chagada, miyendo m'madzi, maso ali kumwamba.

"Amayi, mpunga sunanyowe?"

"Dzuka, mwanawe. Dzuka."

"Ndikudzukatu."

Koma palibe chimene chinagwedezeka.

Anthu anatsitsa matumba m'ngolo n'kumugoneka iye. Njira yonse ya mabampu Lufina anagwira mutu wa mwana wake ndi manja awiri, akuwapempha a ngolo kuti ng'ombe ziyende pang'ono, kenako kuti zifulumire, kenako pang'ono. Eliness ankathamanga pambuyo akulira mokuwa kuposa onse. Kuchipatala chaching'ono anamumanga khosi n'kumutumiza ku chachikulu, ndipo kumeneko anakhala miyezi itatu.

Moyo anapulumuka. Manja anabwerera pang'ono, moti amatha kugwira supuni wina akamupanitsa m'zala. Miyendo sinabwerere.

Kumudzi nkhani inali itapsa kale, ndipo onse anagwirizana chimodzi: mafoni awa atimalizira ana. Eliness ndiye ankailalikira kwambiri. Za thumba panalibe woitchula, poti pamundapo onse analipo ndipo onse anaseka. Anthu ankabwera kudzazonda, n'kumamuuza Lufina kuti asadziimbe mlandu, wolakwa ndi amene anatumiza chida chija.

Mawu amenewo anafika ku Joni. Dyton anaimba, nkhope itatupa, ndipo sanapemphe kuona mwana.

"Make Tisu, akuti ndapha mwana wanga ndine. Akuti ndi foni. Ndiuzeni inuyo, ndi zoona?"

Lufina anali pakhonde, mwana ali m'nyumba pamphasa, chitseko chili chotsegula. Akanangoti inde, nkhani ikanathera pomwepo, mudzi wonse ukanamuikira umboni.

"Foni inapinda khosi," anatero. "Koma adokotala anandiuza kuti asasenze. Nkhata ndinapinda ndine. Ndinamutwika ndine."

Dyton anadula foni, galasi n'kuda. Akuti mpaka lero sanaimbenso, ndipo kumudzi sanabwere. Lufina amalima yekha, ndipo pakati pa tsiku amathamangira kunyumba kukamutembenuza mwana kuti asachite zilonda.

Lazarus anathera pamenepo, n'kundipatsa njinga yanga. Iye mlandu wonse amaupereka kwa foni, ndipo ana ake salola kuti aigwire.

Ine ndikukayika. Ndinadutsa ku Bwanje mwezi wotsatira, ndinafunsa m'minda iwiri itatu, ndipo palibe anamudziwa Lufina ameneyu. Wina anati zinachitikadi koma kwina, winanso anati mwanayo anagwa mumtengo wa mango. Komanso sindikudziwa kuti Lazarus anamva bwanji zimene mkazi ndi mwamuna wake anayankhulana pafoni. Ana opindika makosi ndawaona ambiri, m'misika ndi m'makhonde a masitolo, amenewo sindikuwatsutsa. Koma zoti khosi lopindika ndi foni n'limene linamugwetsa mwanayo pathabwa, osati kungoterereka monga amagwera ana ena onse, zimenezo sindingalumbire.