Liwiro la Nkhono

Aphunzitsi atafika kugalaja, anayala chikalata cha apolisi pa boneti ya Nkhono, galimoto yawo yomwe inatha miyezi isanu ikugulitsidwa popanda ndi mmodzi yemwe woifunsa mtengo.

Mlamu wawo, makaniko, anachiwerenga n'kufa nalo phwete.

"Akuti mumathamanga 110? Pa chiphapha ichi? Alamu, musalipire! Tiyeni kukhoti, mboni ndine. Ndikalumbira kuti ikangofika pa 60 imatsokomola ngati nkhalamba, ndipo pachitunda njinga zakapalasa zimaipitirira."

Aphunzitsi anakanda m'mutu. Mlanduwo akanawina ndithu, poti nawonso ankadziwa kuti makina a apolisi oyezera liwiro anagwira basi yomwe inkawadutsa. Koma kuwina kwanji kokalengeza pagulu kuti malonda ako ndi ofoka?

M'mawa mwake anakalipira akumwetulira, mpaka wapolisi wolandira ndalamayo anawayang'ana kawiri. Atabwerako anamata chikalatacho pagalasi lakumbuyo, pansi pa mawu oti IKUGULITSIDWA, n'kuwonjezerapo ndi choko cha kusukulu:

"Imathamanga 110. Wokayika akafunse apolisi."