Madzi Ofwamphuka pa Wailesi Pokha

Esnart anabwera kuchokera kumjigo dzuwa litakwera kale, chidebe chili theka. Anachitula pamapazi pa mwamuna wake.

"Bambo a Yankho, madzi anu ofwamphuka aja ndi awa. Sambani."

Mwamunayo, a Timoteyo, ndiye mtolankhani wathu kuno kwa Mavwere. Palibe anawalemba ntchito. Amangotumiza nkhani za m'mudzi pafoni ku wailesi ya m'dera, ndipo dzina lawo likamveka amayenda ngati agula thirakitala. Ali ndi kakope kosungamo mawu onona omwe amamva pa nkhani. Mawu oti "kufwamphuka" anakhala m'kakopemo miyezi itatu akusowa powaika.

Mwayi unapezeka mjigo wathu utafooka. Amuna anaumasula n'kuikamo labala wodula kupatapata. Atangopopa, madzi anatulukadi mwamphamvu mpaka kunyowetsa mathalauza. A Timoteyo sanadikire zambiri. Anathamangira pachulu pomwe pamagwira netiweki, ndipo madzulo wailesi inalengeza kuti madzi akufwamphuka pamjigo wathu.

Labala uja anagwira tsiku limodzi lokha. Koma nkhani ilibe mabuleki. Amayi a midzi iwiri yoyandikana nafe anafika ndi zigubu, ena panjinga, pomwe mjigo ukudontha ngati bere la mbuzi yokalamba. Otopa ndi mzere anayamba kukatunga pachitsime chakudambo, pomwera ng'ombe.

"Komatu ndinaona ndi maso angawa," anatero a Timoteyo.

"Munaona kangati?" anafunsa Esnart. "Inu kumjigo mumafikako pakakhala chojambula basi."

Akukangana choncho, anatulukira mayi Stelia, mlangizi wa zaumoyo, omwe timayandikana nawo nyumba.

"Akuluakulu a nkhani, zikomotu," anatero. "A Vitus, makaniko wa mijigo, amayenera kubwera kuno Lachinayi. Atamva wailesi alowera kwa Zulu. Akuti wochira sapatsidwa bedi kuchipatala. Pano ana awiri atsegula kale m'mimba ndi madzi akudambo."

A Timoteyo anakanda m'mutu. "Ndiye mawu amenewa ndi oletsedwa, alangizi? Pawailesi amawanenatu kawirikawiri."

"Saletsedwa. Koma mumamvetsera pomwe amawanenera? Paipi ikaphulika, kapena madzi akaboola damu, akutuluka mwamphamvu osaleka. Womva amadziwiratu kuti kumeneko madzi ndi ambiri. Inu munapatsa mjigo wodwala mawu a mjigo wamoyo."

"Nanga ndikanadziwa bwanji?"

"Nyamulani chidebe cha malita 20 ndi foni yanuyo. Tiyeni."

Kumjigo amayi anawapatsa malo mosavuta, poti mwamuna wopopa ndi kanema waulere.

"Popani alamu, afwamphuke!" anakuwa wina.

Mayi Stelia anayatsa wotchi ya pafoni. A Timoteyo anapopa, anavula jekete, anapopanso. Chidebe chinadzaza patatha mphindi 14. Atapezako mpweya, chidwi chinawagwira. Anayamba kufunsa amayiwo: madzi amaleka kutuluka nthawi yanji? Dzimbiri lomwe likuoneka m'madzimu layamba liti? Anamva kuti ikakwana 9 koloko mjigo umangolira osatulutsa kanthu. Zaka zonsezi ankamwa madziwo osadziwa zimenezi.

"Lembani zomwezo," anatero mayi Stelia. "Muyambe ndi kuvomera kuti munalakwitsa."

"Pawailesi? Anthu onse akumva?"

"Bodza lija analimva ochepa?" anafunsa Esnart, yemwe anawatsatira kumjigoko.

Analemba, nkhope ili ngati akumwa mankhwala a malungo: "Nkhani ya Lachiwiri ndinaitumiza ndisanayeze. Mjigo wathu sunachire. Chidebe cha malita 20 chikudzaza pa mphindi 14, ndipo anthu akumwa madzi akudambo."

Wailesi inawerenga momwemo. Loweruka a Vitus anafika, anazula mapaipi, napeza imodzi itang'aluka. Anaisintha, naikanso labala weniweni. Chidebe chinadzaza mphindi ziwiri zisanakwane, ndipo kudambo kunatsala ng'ombe zokha. A Timoteyo sanatumize nkhani tsiku lomwelo. Anapopa okha m'mawa masiku atatu, Esnart atagwira wotchi, kenako anatumiza.

Abale, nkhani ya m'mudzi mwanu imamvedwa ndi anthu oti akuthandizeni, ndipo amachita malinga ndi zomwe amva. Musanatumize, pitani mukaone, muyeze, mufunse omwe amagwira ntchitoyo tsiku ndi tsiku. Mukalakwitsa, konzani poyera. Mawu okoma asankheni pomaliza, zoona zitayamba zakhala pansi.