Mbawa ya M'makatoni

Anthu a pa Chintheche akakuuzani kuti Zondiwe ndi mkazi wamwayi, inu ingovomerani. Koma nkhani yake yeniyeni nayi, ndipo musakanene kuti mwaimva kuno.

Zondiwe ali ndi lesitilanti m'mbali mwa msewu waukulu, moyang'anizana ndi ya Mayi Phillis, mkazi wa aphunzitsi aja anachokera ku Zomba. Awiriwa amapatsana moni mano onse ali pamtunda, koma wina akagula makatani, mawa lake mnzakeyo wagula makatani ndi maluwa apulasitiki omwe. Ndiye kunamveka kuti Madamu Jacqueline, manijala wa loji ina ya kugombe, akufuna malo oti azitumizako alendo ake kukadya kondowole ndi nsomba ya batala masana. Malo amodzi okha, osati awiri. Anati abwera Loweruka pa thwelofu kudzaona konse, asankhe.

Phillis anathamanga kukagula polishi wofiira zitini zitatu, n'kupukuta simenti yake mpaka ntchentche zimaima kudziyang'anirapo. Zondiwe anati za polishi n'zachikale. Mwamuna wake Dingani, amene ali ku Joni, anali atamutumizira zithunzi pafoni: m'mashopu akuluakulu masiku ano akuika matailosi ooneka ngati matabwa. Aataliatali, osanyezimira, okhala ndi timizere ndi mfundo ngati thabwa lenileni. Zondiwe anakwera minibasi ya ku Mzuzu, n'kubwerako ndi makatoni khumi ndi anayi pamodzi ndi mmisiri wake, Griffin, amene ngakhale pakudya pensulo imakhala ili kukhutu.

Griffin anamaliza Lachinayi n'kubwerera kwawo. Abale inu, pansi paja panakongola! Anthu opita kuchigayo amaima pazenera ndi matumba awo pamutu. Phillis anadutsa kanayi konse, akuti akufuna nkhuku yake yosowa. Phillis alibe nkhuku.

Lachisanu kunabwera apongozi ake a Zondiwe, a Enos, bambo ake a Dingani. A Enos ndi mkulu wa mpingo, ndipo asema mabwato zaka makumi anayi. Munthu ameneyu akaona mtengo amaupatsa moni.

"Lowani muone, Ada," anatero Zondiwe atagwada pakhomo.

A Enos anavula chipewa. Anawerama, anakanda pansi ndi chikhadabo, ananunkhiza, kenako anagwedeza mutu.

"Mbawa iyi."

"Ayi Ada, ndi matailosi. Amangojambulapo kuti azioneka choncho."

"Mwana wanga, ine mbawa ndaidula, ndaisema, ina inandigwera paphewa pano mpaka lero mvula ikamabwera ndimadziwiratu. Undiuze kuti sindiidziwa? Taona mfundo iyi. Apa panali nthambi."

"Mfundo yomweyo ili apa, Ada. Ndi apo. Ndi apo pansi pa tebulo. Zonse n'zofanana."

"Ndiye kuti unali mtengo umodzi."



"Mwapaka chiyani?" anafunsa a Enos.

"Kupaka?"

"Iii! Simunapake? Chiswe cha kuno sichiseka ndi munthu. Chinadya benchi ya kutchalitchi mkati monse, kusiya khungu lokha, akwaya asanu n'kukhala pansi pakati pa nyimbo. Mbawa yokongola chonchi, miyezi iwiri mudzaponda fumbi."

Mkamwana satsutsana ndi apongozi katatu, kawiri kakwana. Zondiwe anangothokoza kuti, "Yewu, Ada," n'kuwapatsa tiyi, mumtima akuti pofika mawa akhala ataiwala.

Loweruka m'mawa Zondiwe anapita ku Kande kukagula batala wabwino kwa asodzi. Kiyi anasiyira a Enos monga mwa masiku onse, chifukwa amakonda kukhala pakhonde la lesitilanti ndi kawailesi kawo. Nsomba anazipeza, zonenepa, maso ali gwa. Pobwera m'minibasi amangomwetulira yekha, akuganiza m'mene Madamu Jacqueline akatsegulire pakamwa poona pansi paja.

Atatsika cha m'ma teni, choyamba kumulonjera chinali fungo. Fungo la pagalaja.

Matebulo ndi mipando zonse zinali panja. A Enos anali pakhomo, buluku atapinda mpaka m'mawondo, m'manja muli chisanza chomangirira kundodo, pambali pali chigubu cha oilo wakutha amene anakapempha kwa asodzi a mabwato a injini. Zondiwe anasuzumira m'kati. Bii! Kuyambira pakhomo mpaka kukauntala, bii ngati kunsi kwa mphika.

"Ndadutsa kawiri," anatero a Enos akupukuta thukuta. "Pakona apo ndadutsa katatu, chifukwa chiswe chimayambira pakona."

Beseni la nsomba linatsika lokha pamutu pa Zondiwe. Mawu amene anabwera kukhosi kwake sanali oyenera mkulu wa mpingo, ndiye anawameza onse, ndipo anatulukira m'maso ngati misozi.

"Usalire, mwana wanga," anatero a Enos mokoma mtima. "Sikuti ndavutika kwambiri. Dingani kulibe, ndiye nanga akuthandize ndani?"

"Yewu, Ada," anatero Zondiwe.

Anatenga ndowa, sopo waufa ndi chikolopa. Koma timizere tija anatikonda ku Mzuzu tija ndi timene tinamwa oilo bwinobwino. Akakolopa kuno, oilo amasamukira uko. Madzi amangoyenda pamwamba ngati pa nthenga za bakha.

Ali pakati pa nkhondo imeneyi, kunatulukira Phillis, atavala diresi lachikasu ndi nsapato zazitali zolandirira Madamu.

"Odi anzanga! Ndamva kafungo, ndiye ndimati kapena mwasiya zophika, mwayamba kukonza njinga zamoto."

"Musalowe, Mayi Phillis."

"Aa, mukundibisira chiyani? Matailosi a ku Joni aja ife osaphunzira tiwaoneko."

Anaponda mwendo umodzi. Wachiwiri unatsatira wokha osaitanidwa. Inu, Phillis anayenda ulendo waulere kuchokera pakhomo mpaka kukauntala, manja akupalasa m'mwamba, akukuwa "Mayo! Mayo ine!", n'kukafika khu! chokhala. Pofuna kudzuka anagwanso. Pomaliza anatuluka chokwawa, nsapato imodzi ili m'manja, kumbuyo kwa diresi kuli mapu a dziko lonse la Malawi ndi nyanja yomwe.

A Enos anamuyang'ana akuwoloka msewu, kenako anatembenukira kwa Zondiwe mosangalala.

"Waona? Munthu wamkulu akulephera kuimapo. Nanji chiswe?"

Zondiwe sanaseke. Nthawi inali itadutsa leveni. Anakhala pa mpando panja, n'kuyang'ana tsidya la msewu kumene simenti ya Phillis imawala psuu. Alendo onse a kuloji aja anawaona m'maganizo akulowa kumeneko mmodzimmodzi, makamera ali pakhosi.

"Ada," anatero pomaliza, mwaulemu wonse umene unatsala, "Madamu akubwera pa thwelofu. Akalowa umo atuluka pa machira."

A Enos anakanda ndevu. "Ngati vuto ndi kuterera kokha, bwanji osanena? Oilo akatayikira m'bwato timathira mchenga. Mchenga umamwa."

Nzeru ina panalibe. Zondiwe anaitana azimayi ogulitsa nthochi pamsewu, aliyense ndi ndowa yake, liwiro kunyanja. Mchenga woyamba anauthira, n'kuupondaponda, n'kuusesera kunja uli wakuda. Wachiwiri chimodzimodzi. Pansi panasiya kuterera, koma matailosi amaoneka ngati nkhope ya makaniki. Anathira wachitatu, wambiri, woyera mbee, kuti ukhale kaye pang'ono umwe zotsala.

Asanagwire tsache, galimoto yoyera inaima tsidya la msewu.

Madamu Jacqueline anayamba kwa Phillis, amene anali atasintha diresi koma akuyenda ngati wakwera njinga tsiku lonse. Sanakhalitseko. Zondiwe anangokwanitsa kulowetsa matebulo, kuponya batala m'mafuta, ndi kupemphera pemphero lalifupi kwambiri m'mbiri ya mpingo.

"Timuwoneni, Madamu," Zondiwe anawalonjera pakhomo. "Pepani, pansi apa pali matailosi abwino kwambiri, kungoti lero..."

Madamu Jacqueline sanamve n'komwe. Anaima, anayang'ana mchenga, kenako anavula nsapato zake n'kuzigwira m'manja. Analowa pang'onopang'ono, zala zakumapazi zikusewera.

"Mayi, munaganiza bwanji zimenezi?"

"Madamu, sindinachite dala..."

"Alendo anga matailosi atopa nawo. Kwawo ali kubafa, kubanki, kuchipatala, paliponse. Amakwera ndege masiku awiri kuti adzaponde mchenga. Ndiye inu mwawabweretsera nyanja patebulo!" Ananunkhiza. "Koma kafungo aka n'kachiyani?"

"Amenewo ndi mankhwala a chis..." anayamba a Enos ali pakhonde.

"Yadutsa lole, Madamu!" anakuwa Zondiwe, koyamba m'moyo wake kudula apongozi pakamwa. "Malole a pamsewu uno, utsi wake! Khalani apa pafupi ndi zenera, batala wapsa."

Madamu anadya batala mmodzi ndi theka, mapazi atawakwirira mumchenga. Posamba m'manja anati alendo ayamba kubwera Lachitatu, asanu ndi mmodzi.

"Koma chinthu chimodzi," anatero akuvala nsapato pakhomo. "Pansi pano musasinthe. Ndisadzamve kuti mwatengeka ndi za masiku anozi, mwaika matailosi."

"Sindingayerekeze, Madamu," anatero Zondiwe.

Mpaka lero makatoni khumi ndi anayi a ku Mzuzu ali pansi pa mchenga, ndipo Lolemba lililonse azimayi a nthochi amabweretsa watsopano. Dingani akaimba kuchokera ku Joni kuti aone matailosi ake, Zondiwe amatenga mbale, n'kufukula kadzenje pakona, n'kujambula.

A Enos nawo amabwera Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi. Amafukula ndi ndodo yawo pakona pomwe anadutsa katatu paja, amagogoda, amamvetsera, kenako amakwirira bwinobwino.

"Osadyedwa ngakhale pang'ono," amauza aliyense amene ali pafupi, ngakhale mzungu wosamva Chichewa.

Nanga Phillis? Sabata yatha anthu anamuona akuthira mawilibala atatu a mchenga pa simenti yake yofiira ija. Alendo sanabwerebe. Ndiye dzana anaitanira a Enos kuseri kwa lesitilanti yake, n'kuwapatsa fanta wozizira, n'kuwafunsa monong'ona kuti kodi pansi pa mchenga wa Zondiwe anapakapo chiyani.

A Enos apita kale kwa asodzi ndi chigubu chawo.