Mapapo Amene Khiem Analosera

Mlongo wanga Khiem amadyera kunena za mawa. Ali ndi ofesi yozizira ku Saigon, ndipo ntchito yake ndi kuuza akuluakulu zimene asayansi adzakhale atapanga pofika chaka chakutichakuti, n'kuwachenjezanso za zoipa zimene zingabwere nazo. Ine ndimagulitsa maswiti a kokonati kwathu ku Ben Tre, ndipo ndinkamuseka kuti sasiyana ndi mayi woombeza wa kumsika, kungoti iye amavala tayi. Ankaseka nane. Kusekako kunatha chaka chimene mapapo a bambo anayamba kuuma.

Chimene chinatipweteka n'choti Khiem anaonekapo pa kanema. Tsikulo amayi anaitana mudzi wonse, ngakhale anthu amene sitipatsana nawo moni. Mwana wawo, tsitsi lili lopesa bwino, ananena kuti nthawi ikubwera pamene madokotala azidzakulitsa mapapo atsopano kuchokera m'thupi la wodwala yemweyo. Kenako anakamba nthawi yaitali za mafunso ovuta, oti adzayambe kulandira ndani, wolemera kapena wodwalitsa, mwana kapena nkhalamba. Mafunsowo amayi sanawamve. Iwo anangomva zoti mapapo akubwera, ndipo wanena ndi mwana wobereka okha.

Choncho bambo atagonekedwa m'chipatala ku Saigon, kapaipi kali kukhosi, makina akuwapumira, amayi anayala mkeka m'khonde n'kukhala ngati munthu wodikira basi. Dokotala anatiitanira pambali n'kutiuza mwaulemu kuti ngati tikufuna kupempha wodwala wathu kuti tipite naye kwathu, nthawi yake ndi ino. Tonse tinamva chimene akutanthauza. Munthu amafera m'nyumba mwake, patsogolo pa guwa la makolo ake. Wofera kunja, akuluakulu a kwathu salola kuti mtembo wake ulowe pakhomo. Amaumangira chisakasa pabwalo, ndipo mzimu wake umangoyendayenda m'misewu ndi njala. Bambo ankaopa zimenezi kuposa imfa yeniyeniyo, moti asanawaike kapaipi anatilumbiritsa tonse kuti tisawasiye kufera kwa eni.

Amayi anakanitsitsa. Ankati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mkazi wanzeru satulutsa mwamuna wake m'chipatala mankhwala ali m'njira. Ndinawanyengerera, ndinawalirira, tsiku lina ndinawakalipira mpaka namwino anabwera kudzanditontholetsa. Yankho lawo linali limodzi: anene Khiem. Akanena kuti mapapo sabwera, tinyamuka.

Ndinam'peza panja pa chipatala, pa mayi wogulitsa phala la mpunga. Mbale yake inali itazizira, iye maso ali pa foni.

"Pita ukawauze amayi kuti sabwera," ndinatero.

"Achemwali, sindinganene kuti sabwera. Adzabwera."

"Liti?"

Anayamba zake zija. Akuti kwina ayesa pa nkhumba ndipo zina zinapumadi ndi mapapowo. Akuti mnzake wa kunja wamva zoti gulu lina likufuna kuyamba kuyesa pa anthu, mwina chaka chino, mwina zaka zambiri zikubwerazi. Pa mawu asanu alionse panali mwina. Anati ntchito yake yonse yagona pa kusanena motsimikiza chinthu chimene sakuchidziwa, ndipo mlosi amene wanama kamodzi kuti anthu asangalale kapena kuti atonthole, ndiye kuti wasanduka wamalonda.

"Iwe Khiem, bambo si nkhumba za anzakowo. Mapazi awo wawaona mmene atupira? Kapena umangoona za zaka zakutsogolo, za pamphuno pako ayi?"

"Ndawaona." Anaika foni pansi. "Nanga nditati ayi, tichotse makina, mwezi wamawa n'kumva kuti ayamba kulandira odwala? Wowapha adzakhala ndani, achemwali? Inu kapena ine?"

Ndinamuda kwambiri nthawi imeneyo, osati chifukwa cha kuuma mutu kwake, koma chifukwa anandipatsira matenda ake. Nanenso ndinabwerera m'khonde muja ndili ndi kamwina kanga mumtima.

Ndionetsetse adathetsa nkhosa. Masiku anapita Khiem akulembera anthu a m'mayiko amene sindingathe kuwatchula, ena akumuyankha mwaulemu, ambiri osayankha n'komwe. Bambo sankatha kulankhula. Akadzuka ankanditsatira ndi maso, chala chawo chikuloza kukhomo, ine n'kumanamizira kukonza bulangete. Pa bedi loyandikana ndi lawo anthu ankasinthana, ena kutengedwa ndi abale awo, ena kutuluka ataphimbidwa nkhope. M'khonde munali banja lina limene mwana wawo ankadikira makina ngati a bambowo, ndipo mayi wake ankangotiyang'ana.

M'mawa wina dokotala anati impso nazo zasiya, ndipo mtima sukulonjeza. Khiem analowa yekha kwa bambo. Sindikudziwa zimene anaona m'maso mwawo, koma atatuluka anapita kukagwada pa mkeka wa amayi.

"Amayi, mapapo aja adzabwera, koma si a bambo. Mwina adzathandiza zidzukulu zanu. Tiyeni kwathu."

Amayi anamufunsa kuti, "Nanga pa kanema paja unalekeranji kunena choncho?"

Amayi anapinda mkeka wawo okha, anakana kuti ndiwathandize.

Makina amatsala m'chipatala. Wodwala wopita kwawo amam'patsa botolo la mpweya ndi chithumba cha mphira cholumikiza ku kapaipi kaja, ndipo munthu amachifinya ndi manja njira yonse. Tinapeza ambulansi ndi namwino wina dzina lake Tuyen, mayi wamfupi wosalankhulalankhula amene anaperekezapo ambiri otere. Amayi anakhala kutsogolo ndi dalaivala chifukwa kumbuyo amachita mseru. Ine ndinaimbira aneba kuti atulutse mipando pabalaza, ayale bedi moyang'ana guwa.

Dzuwa linali paliwombo, msewu wodzaza njinga zamoto ndi malole. Tuyen anafinya mpaka manja anatopa, Khiem n'kulandira. Anamuonetsa kawerengedwe kake, ndipo chifuwa cha bambo chinkakwera n'kutsika motsatira zala za mwana wawo. Amayi ankatembenuka pafupipafupi kuuza bambo pamene tafika, kuti asasokonezeke: apa tadutsa minda ya mpunga, apa ndi pamene munkagula nyambo za nsomba.

Pa mlatho waukulu wolowera kwathu magalimoto anaima. Dalaivala analiza belu lake koma kunalibe kopatukira. Ndinaona Tuyen akuika zala pakhosi pa bambo. Anazisuntha, n'kuziikanso. Anawatsegula chikope. Kenako anayang'ana Khiem, n'kuyang'ana ine, ndipo ndinadziwa kuti bambo atisiya. Anatsegula pakamwa kuti anene, koma Khiem anapukusa mutu pang'ono chabe. Tuyen anatseka pakamwa n'kuyang'ana pawindo.

Khiem sanaleke kufinya. Chifuwa chinakwera, chinatsika.

Amayi anatembenuka. "Khiem, tifika nawo?"

"Tifika nawo, amayi."

Ndinaluma mpango wanga kuti kulira kusamveke. Magalimoto anayamba kuyenda, tinatsika mlatho, tinalowa m'kamsewu ka pakati pa mitengo ya kokonati. Pachipata panali patadzaza anthu, ndipo amalume, amene amasunga mwambo wa banja lathu, anasuzumira m'galimoto. Anaona chifuwa chikukwera, ndipo analamula anyamata kuti anyamule msanga. Khiem anayenda chowerama pambali pa machira, thukuta likugwera pa malaya a bambo, osaphonya ngakhale kamodzi.

Tinawagoneka patsogolo pa guwa. Amayi anayatsa lubani n'kuuza makolo kuti mwana wawo wabwera. Anapukuta bambo kumaso, anawauza kuti ali m'nyumba mwawo, asaope. Atatha anagwira Khiem paphewa.

"Basi mwanangu, afika. Siya."

Zala zake zinakana kutambasuka, moti ndinachita kuzitsegula ine chimodzichimodzi. Maliro anachitikira m'nyumba, ndipo anthu anatiyamikira kuti ndife ana odziwa mwambo.

Khiem anabwerera kuntchito yake. Sitinakambepo za tsikulo, ndipo amayi amagona mtima uli m'malo. Koma ine ndikamapita ku Saigon ndi katundu wanga, pobwerera ndimakhala mpando wa pawindo. Basi ikafika pakati pa mlatho uja ndimatsegula galasi, n'kunena motsitsa kuti anzanga asamve, "Bambo, ndine Dieu. Kwerani, tizipita kunyumba."