Nkhope Pamsana pa Ennie

Ndine amene ndinafunditsa makinawo, sindikana ayi. Kwathu ku Nkhulambe chinthu chaulemu sichikhala pamtetete. Wailesi timaifunditsa, Baibulo nalo lili ndi kansalu kake. Ndiye a Goliati, aja amayenda ndi pulojekita panjinga kuonetsa kanema m'matchalitchi, atayatsa makina awo n'kupita kukasaka mafuta a jenereta, ine ndinaona fumbi likugwera chinthu cha eni ake. Ndinamasula chitenje n'kuwakulunga bwinobwino, kusiya diso lokha. Ndikanadziwa bwanji kuti timabowo tam'mbalito ndi mopumira? Unali Okutobala, malata akuthetheka ndi dzuwa, mazenera titatseka ndi mphasa kuti mukhale mdima.

Tinasonkhana masanawo chifukwa cha mlamu wanga Ennie. Amuna ake, achimwene anga a Thomson, anapita ndi madzi a namondwe wa Freddy pamodzi ndi nyumba, foni ndi zithunzi zonse. Thupi sitinalipeze. Tsiku lina tikupeta nandolo, Ennie anandiuza kuti nkhope yawo yayamba kumuthawa: mawu akuwakumbukira, chipewa akuchikumbukira, koma pansi pa chipewacho palibe kanthu. Kenako tinamva kuti a Goliati ali ndi kanema wa kwaya yathu wojambulidwa madzi asanabwere. Pafoni ya a Goliati nkhope zinkaoneka ngati njere za mapira, pankafunika khoma.

A Goliati atabwerera anasolola chitenjecho ngati chili ndi njoka. Chinkanunkha kupserera. Anati galasi la m'diso lafewa ndi kutentha, lapindika. Manyazi anandigwira, ndinangozyolika.

Kanema anayamba. Kwaya yonse inkaoneka bwino, mpaka ndolo za Ethel wotsogolera nyimbo. Koma pamzere wakumbuyo, pomwe anaima achimwene, panali chifunga chozungulira, kukula ngati lichero. Jekete ikuoneka, manja akuwomba, mutu kulibe. A Goliati akapotoza diso lija, ena onse ankasungunuka, chifungacho chili pompo. M'tchalitchi munangoti zii, kupatula kwaya ya pakhoma ikuimbabe. Mayi wina kumbuyo ananong'ona kuti munthu wosaikidwa m'manda salola kuonedwa. Thupi langa lonse linachita tsemwe, chonsecho ndikudziwa kuti wolakwa ndi chitenje changa.

Ennie anadzuka. Anali atavala bulauzi yake yoyera ya amayi a mpingo. Anayenda kulunjika kukhoma, dzanja atatambasula, ngati munthu wofufuza chitseko mumdima. Asanafike, kuwala kunamugwera kumsana, ndipo pansalu yoyerayo achimwene anatulukira. Chipsera cha pachibwano chija, mpata wa mano uja, maso akutiyang'ana ife, akuimba. Bambo wina anagwetsa benchi pothawira panja.

Ennie anafuna kucheuka, a Goliati anamuletsa.

"Musasunthe, mayi. Akuonekera pomwe mwaimapo pokha."

Anaima chilili, maso pa mthunzi wake womwe pakhoma.

"Alamu," anandiitana osatembenuka, "akuoneka bwanji?"

Ndinathamangira kuguwa kukasolola nsalu yoyera ya patebulo, ndimati tiitambasule pamalo omwewo, iye abwere mbali ino adzionere yekha. Ndili m'kati mochotsa maluwa ndinamva kuti phu! Kwaya inadukira pakati pa mawu, mdima n'kugwa.

Makinawo sanayakenso. A Goliati akuti tsiku lina adzabwereka ena ku Blantyre, koma dzinja ladutsa kale kawiri. Anthu oposa makumi asanu tinawaona a Thomson tsiku lija, kupatula mkazi wawo.

Bulauzi ija sanaivalenso, sanaichapenso. Anaikoleka pamsomali, msana wake kuyang'ana m'chipinda. Ndikapita kukamuona amandikhazika moyang'anizana nayo, n'kundipempha kuti ndiloze pomwe panali maso.